Kodi dziko limagwa chifukwa cha machimo a anthu ake?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Iwo akuti: "Abusa athu akhala akulalikira kuti namondwe wa Freddy, kolera ndi kugwa kwa kwacha ndi chilango cha Mulungu chifukwa makhalidwe alowa pansi. Akuti atsikana akuvala mosadzilemekeza, anyamata angoti mowa ndi kubetcha, mabanja akutha. Mwana wanga amene ali ku yunivesite amangopukusa mutu. Akuti ku Ulaya matchalitchi alibe anthu koma ndi olemera, ife timachezera kupemphera koma umphawi uli pomwepo. Ndimuyankhe bwanji? Kodi Baibulo limaphunzitsadi kuti dziko limagwa makhalidwe akaonongeka?"

Mayi, pa funso lanu lomalizalo yankho ndi lakuti inde. Baibulo silibisa mawu pa nkhaniyi. Miyambo 14:34 imati chilungamo chimakweza mtundu wa anthu, pomwe tchimo limauchititsa manyazi, ndipo mbiri ya Israele ndi Yuda, kuyambira m'buku la Oweruza mpaka ukapolo wa ku Babulo, inalembedwa pofuna kuonetsa zomwezo. Choncho abusa anu sakupeka. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa machimo amene asankha kuwatchula, komanso pa kufulumira kunena kuti tsoka lakutilakuti ndi chikwapu cha Mulungu. Mwana wanunso musamuone ngati walowerera. Funso lakelo analifunsapo kale Yeremiya, Habakuku ndi mlembi wa Salimo 73, ndipo mafunso awo anasungidwa m'Malemba kuti ifenso tiziwawerenga.

Tiyambe ndi Amosi, chifukwa palibe mneneri wina amene anafotokoza momveka chonchi mmene dziko limaolera lisanagwe. Iye anali woweta nkhosa wa ku Tekowa, ndipo analalikira cha m'ma 760 Yesu asanabadwe, pa nthawi ya mfumu Yerobowamu wachiwiri. Imeneyi inali nthawi ya mwanaalirenji kwa akuluakulu a ku Samariya. Malire a dziko anali atakula, malonda ankayenda, ena anali ndi nyumba ya m'nyengo yozizira ndi ina ya m'nyengo yotentha, mabedi awo okongoletsedwa ndi minyanga ya njovu. Za mapemphero ndiye musanene. Ku Beteli anthu ankadzaza, nsembe m'mawa uliwonse, chakhumi sichinkachedwa, nyimbo zili pakamwa. Munthu wongodutsa akanati dziko ili ndi loopa Mulungu ndipo ladalitsidwa.

Amosi anaona zina. Anati akugulitsa munthu wosalakwa ndi siliva, wosauka ndi mtengo wa nsapato. Anati pa bwalo la milandu amalandira chiphuphu ndi kukankhira kumbali waumphawi. M'mutu 8 akufotokoza amalonda amene ali m'chipembedzo koma mtima uli kumsika, akufunsa kuti Sabata litha liti kuti tikatsegule, tichepetse muyeso, tikweze mtengo, tinyenge ndi sikelo, tigulitse ndi zinyalala zomwe za tirigu. Za chiwerewere sanazisiye, anatchula bambo ndi mwana wake amene amapita kwa mtsikana mmodzi, koma onani pamene anaziika: pakati pa nkhani za opondereza, chifukwa mtsikanayo naye anali mmodzi wa opanda mawu. Kenako Mulungu akunena mawu oopsa m'mutu 5, kuti amadana ndi maphwando awo achipembedzo, sakufuna kumva phokoso la nyimbo zawo, chimene akufuna n'chakuti chiweruzo cholungama chiyende ngati madzi. Wansembe wa ku Beteli, Amaziya, anauza Amosi kuti achoke akalalikire kwawo, pano ndi pa kachisi wa mfumu. Patangopita zaka pafupifupi 40, mu 722, Asuri anagwetsa Samariya ndi kutenga anthu ake.

Ngakhale Sodomu, amene timamutchula tikafuna kunena za uve wa thupi, Ezekieli 16:49 akuyamba mlandu wake ndi kudzikuza, kukhuta, kukhala mosatekeseka, ndi kusagwira dzanja la wosauka. Zonyansa zikubwera pa ndime yotsatira. Zonse ndi machimo, koma ife alaliki timakonda kuwerenga ndime 50 n'kudumpha 49. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: mtsikana wa siketi yaifupi sapereka chopereka chachikulu, ndipo sangatisamutse pa mpingo.

Tsopano bwerani nawo Amosi kuno kwathu. Mwezi wa Epulo kapena Meyi, imani pa malo ogulira mbewu cha ku Mitundu kapena ku Nsundwe. Mlimi wafika ndi thumba la soya pa njinga, thukuta lili kamukamu, wakankha kuchokera m'bandakucha. Venda wapachika sikelo yake pa nthambi ya mtengo. Mlimiyo akudziwa kuti thumba lakwana, analiyeza yekha ndi ndowa kunyumba, koma muvi wa sikelo ukuima pena. Akatsutsa amuuza kuti pitani kwina, ndipo kwinako sikelo ndi yomweyo. Akulandira ndalamayo chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu. Mwezi wa Januwale mlimi yemweyo adzabwera kudzagula chimanga, ndipo adzamuyezera m'ndowa imene anaiphwanya kunsi kuti ilowe pang'ono. Pa Sabata onse awiri adzakhala pa benchi imodzi. Amosi akanayambira pamenepa.

Akanakweranso ku Capital Hill. Mu 2013 dziko lonse linadzidzimuka ndi nkhani ya Cashgate, pamene zinaululika kuti mabiliyoni a kwacha ankatuluka m'thumba la boma kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndalama zina n'kumapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Maiko amene ankathandiza bajeti yathu anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene anamva kuwawa ndi mayi amene anapeza kuchipatala kulibe mankhwala. Mu 2021 kafukufuku wa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbanirana ndi Covid-19 anaonetsa kuti zina zinathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, anthu akusowa mpweya m'zipatala. Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: anthu amenewa amapemphera kuti? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu. Ndiye kuti amene amasaina mapepala abodza si alendo. Ndi akulu ampingo, ndi oimba kwaya, ndi amene timawaimbira nthungululu pa Pepa Sande akaponya envelopu yonenepa, osafunsa kuti malipiro a kalaliki akwanitsa bwanji zimenezi. Tinafika popanga ndi miyambi yodzitonthozera, ati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ati za boma zilibe mwini. Kuola kwa makhalidwe kumene Baibulo limati kumagwetsa dziko ndi kumeneku, pamene choipa chasanduka nzeru ndipo wokana chiphuphu ndi amene akutchedwa wopusa.

Mwina mungafunse kuti tchimo limagwetsa dziko motani. Kawirikawiri Mulungu sachita kutumiza mphezi. Paulo mu Aroma 1 akubwereza katatu kuti Mulungu anawapereka ku zilakolako zawo, ndiye kuti anawasiya akolole chimene anafesa. Hoseya anati afesa mphepo, adzakolola kamvulumvulu. Zimachitika ngati chiswe m'mitengo ya denga: kunja mtengo ukuoneka wabwinobwino, m'kati mwatsala dothi, ndipo tsiku limene denga lagwa aliyense amaloza mphepo ya usiku umenewo. Kumbukirani njala ya 2002. Mvula inavutadi, koma chimene chinasandutsa chaka choipa kukhala maliro ndi chakuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko, monga zija za ku Kanengo, chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo anthu atayamba kudya madeya ndi zitsa za nthochi, chimanga pamsika chinali pa mtengo woti wosauka sakanaufika. Taonaninso nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa tonse mumzinda muno. Yadulidwa mpaka boma linachita kutumizako asilikali. Matumba a makala amene amalowa m'tauni pa njinga m'mawa uliwonse amadutsa pa malo pamene pali oyenera kuwaletsa, ndipo ogula ndife. Madzi akadzachepa m'madamu, sipadzafunika mngelo wa chiweruzo.

Chimene chimatha koyamba ndi kukhulupirirana. Wophunzira akadziwa kuti ntchito imapezeka ndi dzina la malume, amasiya kulimbikira. Wamalonda akadziwa kuti mlandu umapita kwa amene wapereka kangachepe, amasiya kukongoza ndi kulemba anthu ntchito. Namwino wokhulupirika akatopa kuona anzake akumanga nyumba ndi mankhwala a boma, amasamukira kunja kapena nayenso amayamba. Dziko lotere limakhala lofooka kale mdani kapena chilala chisanafike.

Koma pa za namondwe ndiye ndikupempha abusa anu adekhe. Freddy anagwa mu Marichi 2023 ndipo anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja ali m'tulo. Kodi amenewa ndiwo anali ochimwa kuposa ife a ku Lilongwe? Yesu anayankha kale funso limeneli. Mu Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti iyayi, ndipo anatembenuzira chala kwa omvera: mukapanda kulapa, inunso mudzaonongeka. Anzake a Yobu analalikira ulaliki wofanana ndi umene mwaumvawo, woti tsoka ndi umboni wa tchimo, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawakwiyira chifukwa sananene zoona za Iye. Amosi ankatha kunena kuti chakutichakuti ndi chilango chifukwa Mulungu anamuuza. Ife tilibe chilolezo choima pa manda a mwana wa ku Chilobwe n'kunena kuti wafera masiketi a atsikana a m'tauni. Ngati pali tchimo pamenepo, lili pa umphawi umene umakankhira anthu kukamanga m'mbali mwa phiri, pa mitengo imene inatha, ndi pa malamulo a malo amene sagwira ntchito. Kolera, amene anapha anthu oposa 1,700 pakati pa 2022 ndi 2023, amayenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chifukwa timagula zambiri kunja kuposa zimene timagulitsako, ndalama zakunja zinasowa, ngongole zatikwana. M'zonsezi muli mbali ya anthu imene tiyenera kulapa, koma ikupezeka m'maofesi ndi m'misika kuposa m'zovala.

Palinso msampha wina, woganiza kuti kale zinthu zinali bwino. Mlaliki 7:10 amaletsa kufunsa kuti bwanji masiku akale anali abwino kuposa ano, akuti funso lotero silichokera mu nzeru. Inu ndi ine tikukumbukira nthawi imene lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi. Zovala zinali zazitali ndithu. Koma nthawi yomweyo anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, a Mboni za Yehova ankaotcheredwa nyumba ndi kuthawira kunja, ndipo mu Meyi 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ndani anganene kuti pamaso pa Mulungu masiku amenewo anali oyera? Ndipo mu Januwale 2012, pamene mavenda ena muno mu Lilongwe anavula amayi ovala mabuluku pamsewu ati pofuna kuteteza chikhalidwe, khalidwe loola linali la ovulawo.

Sindikunena kuti zimene abusa anu akudandaula n'zopanda pake. Mnyamata amene wathera ndalama ya fizi pa kubetcha mpira pa foni, bambo amene wathawa ana ake n'kukayamba banja lina ku Area 36, mowa waukali wotchipa umene ukupha anyamata asanafike zaka 30, zonsezi zikudya dziko, chifukwa kunyumba n'kumene mwana amaphunzira kunena zoona ndi kusunga lonjezo. Banja likagwa, boma lilibe pena pokatenga anthu okhulupirika. Kungoti tikamadzudzula, tiyambe ndi wamphamvu. Mtsikana wa Fomu 2 amene watenga mimba sanadzipatse yekha, ndipo nthawi zambiri mwini mimbayo ndi bambo wa galimoto, wa msinkhu wa atate ake. Malamulo a dziko anakonzedwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma mipingo yambiri timaimitsa mtsikanayo pa mgonero, chidyamakanda uja akupitiriza kuwerenga mawu kutsogolo.

Tsopano za mwana wanu. Mumuuze poyamba kuti chuma si chidindo cha Mulungu. Samariya anali pa chimake cha chuma pamene Amosi ankamulosera kugwa. Babulo amene anagwetsa Yerusalemu mu 586 Yesu asanabadwe anali woipa kuposa Yuda, n'chifukwa chake Habakuku anadandaula, ndipo Babulo nayenso anagwa mu 539. Chuma china cha maiko a ku Ulaya chinachokera mu malonda a akapolo ndi mu utsamunda, ndipo Mulungu sanaiwale zimenezo. Iwonso ali ndi kuola kwawo, nkhalamba zofa zokhazokha m'nyumba, ana okula osamva dzina la Mulungu. Koma mumuvomerezenso pamene walondola. M'maiko angapo a kumeneko msonkho umafikadi kuchipatala, woweruza sagulidwa wamba, ndipo nduna ikagwidwa ndi chinyengo imatula pansi udindo. Zambiri mwa zimenezi zinamera pa zaka mazanamazana za chiphunzitso cha Chikhristu, ngakhale zidzukulu zasiya kupita ku tchalitchi. Paulo mu Aroma 2 akuti anthu opanda chilamulo akachita za chilamulo amaonetsa kuti chinalembedwa m'mitima yawo. Yesu anasimba za ana awiri otumidwa kumunda: wina anati sindipita koma anapita, wina anati ndipita bambo koma sanapite. Mulungu anaika dongosolo m'chilengedwe chake loti sikelo yoona imabala zipatso, kaya woigwirayo amapemphera kapena ayi. Choncho kupemphera kwathu si kumene kwatisaukitsa. Chatipweteka n'chakuti pemphero lathu limathera pakhomo la tchalitchi, silifika Lolemba.

Nkhani imeneyi Akhristu anaikambapo kale kwambiri, ndipo amene anaiyankha mozama anali wa kuno ku Africa. Mu Ogasiti 410 ankhondo a Alaric, mfumu ya mtundu wa Agoti, analowa mumzinda wa Roma n'kuufunkha masiku atatu. Apa n'kuti Chikhristu chitakhala chipembedzo cha boma kuyambira 380, ndiye achikunja anati taonani, tasiya milungu ya makolo, mzinda wagwa. Akhristu ambiri anasokonezeka chifukwa ankaganiza kuti ufumu wobatizidwa sungagwe. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anatha zaka zoposa 10 akulemba buku lake la Mzinda wa Mulungu. Anaonetsa kuti Roma anaona masoka ambiri Khristu asanabwere, kuti olemba mbiri a Roma yemweyo anadandaula kale za dyera ndi kukonda ulamuliro, ndiponso kuti Mulungu amapereka maufumu kwa abwino ndi oipa omwe pa zifukwa zimene ife sitiziona zonse. Anafunsa kuti chilungamo chikachoka, maufumu n'chiyani ngati si magulu aakulu a achifwamba. Ndipo anakana kuti dziko lina lililonse la pansi pano litengedwe ngati Ufumu wa Mulungu. Patapita zaka pafupifupi 30 chifunkhidwire mzinda wa Roma, wansembe wina wa ku Marseille, m'dziko limene lero ndi France, dzina lake Salvian analemba mosapsatira kuti Akhristu a mu ufumu wa Roma asaloze chala akunja, chifukwa misonkho yawo inkafinya osauka mpaka ena ankathawira kwa adani kukafuna chifundo. Augustine anamwalira mu 430 adani atazinga mzinda wake, koma sanaphunzitse kuti Mulungu walephera.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti m'Baibulo chiweruzo cha dziko sichikhala chotsekeka. Yeremiya 18 akuti Mulungu akanena zogwetsa mtundu, mtunduwo n'kutembenuka, Iye amaleka. Nineve anapulumuka m'masiku a Yona. Ifenso tinazionapo. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikunena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaopsezedwa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri. Mu 2020 oweruza asanu a khothi loona za malamulo a dziko anakana chiphuphu, nkhaniyo inakafika ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ndipo pa 3 Febuluwale anapereka chigamulo chawo pa chisankho cha 2019. Kaya munthu anali mbali iti pa ndale, anaona kuti anthu ochepa okana kugulidwa amatha kuimitsa dziko pa miyendo yake.

Ndime imene timaikonda pa mapemphero a dziko, 2 Mbiri 7:14, imayamba ndi anthu anga otchedwa ndi dzina langa, ndipo pakati pake pali kutembenuka kuleka njira zoipa. Petro naye akuti chiweruzo chimayambira pa nyumba ya Mulungu. Kulapa kwake ndi kooneka ndi maso. Okhometsa msonkho atafunsa Yohane Mbatizi chochita, anati musalandire zoposa zimene anakulamulani. Asilikali anawauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Zakeyu anabweza kanayi. Mpingo umene ungayambe kufunsa akulu ake kumene kwachokera chopereka, umene ungauze membala wake kuti kabwezeni kaye munda wa mayi wamasiye uja musanabwere ku mgonero, udzakhala utachitira dziko lino zazikulu kuposa misonkhano khumi ya chitsitsimutso.

Abusa anu musakawatsutse pagulu. Pitani ndi mayi mnzanu wachikulire kapena mkulu wampingo, muwathokoze chifukwa chodera nkhawa achinyamata, kenako muwapemphe kuti pa maphunziro a Baibulo a pakati pa sabata adzatsogolere buku la Amosi lonse, mutu ndi mutu, osadumpha. Lili ndi mitu 9 yokha. Mwana wanuyo muwerenge naye buku lomwelo kunyumba, ndipo mumulole afunse zonse zimene ali nazo. Mukafika pa mutu 8, mumufunse modekha kuti iye adzatani tsiku limene bwana wake woyamba adzamupatse fomu ya alawansi ya msonkhano umene sunachitike, anzake onse mu ofesi atasaina kale.